Galimoto imodzi, ntchito ziwiri: mbiri ya Golf GTI ndi anzake

Pa tchuthi chapitachi kunyumba kunafika mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa zaka zingapo zapitazo. Dzina sinditchula, akudzidziwa yekha. Pano ndi bambo wa ana awiri, ali pa ntchito yabwino, ndipo wapeza ngongole yoti aitanitse galimoto kuchokera ku Japan. Vuto ndi lakuti pakhomo pake sakumvana. Mayi a kunyumba akufuna galimoto yopititsa ana kusukulu ndi yonyamula matumba a chimanga pochokera kumudzi. Iye mtima uli pa Subaru ija imaguguda ikamadutsa mu Chipembere Highway usiku. Ndiye anandifunsa kuti, "Sala, kodi galimoto yokoma kuyendetsa ingakhalenso ya banja?"

Tsiku limenelo sindinamuyankhe bwino. Ine si makaniko, ndimaphunzitsa mbiri. Koma funso lakeli lili ndi mbiri yake, ndipo akatswiri a ku Germany, France ndi Japan alimbana nalo kwa zaka zoposa 50. Ndiye ndati ndilembe pano kuti aphunzitsi anzanga ndi ena a inu amene muli ndi maganizo ngati a mnzanuyu muwerenge nawo.

Choyamba timvetse chifukwa chake funsoli ndi lovuta. Kuti galimoto ikhote pakona mwaliwiro osapendama, imafunika kukhala yaifupi msinkhu, masipuling'i ake akhale olimba, ndipo ikhale yopepuka. Kuti inyamule banja mwamtendere, imafunika malo ambiri, masipuling'i ofewa oti agogo asamve bampu iliyonse m'msana, ndi injini yosamwa mafuta. Chimene mwawonjezera uku mwachotsa uko. Choncho mpaka cha m'ma 1960, makampani ambiri ankatsatira nzeru ya makolo athu ija yakuti mapanga awiri avumbwitsa. Wofuna liwiro ankagula MG, Triumph kapena Jaguar E-Type ya mipando iwiri, yopanda poika ngakhale dengu la tomato. Wofuna ya banja ankagula ya banja, n'kuiwala za chisangalalo. Wachuma ankagula zonse ziwiri. Panali ina yosiyana ndi zinzake, monga Mini Cooper ya mu 1961, imene mtundu wake wamphamvu unapambana mpikisano wa Monte Carlo mu 1964, 1965 ndi 1967. Koma amene anakwerapo Mini yakale akudziwa kuti munthu wamkulu kumbuyo amakhala mawondo ali pachibwano.

Zinthu zinasintha m'nyengo imene palibe akanayembekezera. Mu October 1973, pa nthawi ya nkhondo ya pakati pa Israel ndi Egypt ndi Syria, maiko a Aarabu anachepetsa mafuta ogulitsa kunja, ndipo mtengo unakwera pafupifupi kanayi m'miyezi yochepa. Ku West Germany boma linaletsa magalimoto kuyenda kwa masiku anayi a Lamlungu mu November ndi December chaka chimenecho. Anthu ankayenda pansi ndi kupalasa njinga m'misewu ikuluikulu ija ya autobahn. Ife amene tinagona pa mizere ya petulo mu 2011 ndi 2012 sitifunika kutifotokozera mmene mitima imakhalira m'nyengo yotere. Kulankhula za galimoto yothamanga kunali ngati kuimba nyimbo ya ukwati pamaliro.

Kampani ya Volkswagen nayo inali pa moto. Beetle, galimoto yooneka ngati kamba ija ya injini kumbuyo, imene inaidyetsa kampaniyi chithere nkhondo yachiwiri, inali itakalamba ndipo malonda ankatsika. Chipulumutso chinali Golf, yomwe inatuluka mu 1974. Maonekedwe ake anajambula ndi Mtaliyana Giorgetto Giugiaro. Injini inali kutsogolo, yoziziritsidwa ndi madzi, yoikidwa mopingasa kuti isadye malo, ndipo inkakoka matayala a kutsogolo. Kumbuyo kunali chitseko chachikulu chotsegukira m'mwamba, ndipo mpando wa kumbuyo unkapindika kuti katundu alowe. Inali galimoto ya nzeru, yosawononga. Mtundu wotsika mtengo unali ndi mphamvu za akavalo 50 zokha (mphamvu ya injini amaiyeza poyerekeza ndi akavalo, ndipo manambala onse ndatchula m'munsimu ndi a muyeso umenewu).

Mkati mwa kampaniyo munali anthu ochepa amene anaona china m'kagalimoto kameneka. Awiri odziwika kwambiri ndi injiniya Alfons Löwenberg ndi mkulu woona za atolankhani, Anton Konrad. Popeza akuluakulu sakanavomera, ankagwira ntchitoyi mwakachetechete, n'kumakumana kunyumba kwa Konrad ataweruka. Pali gawo limodzi la nkhaniyi limene anyamata okonda liwiro salikamba kawirikawiri, koma kwa ine ndiye fupa lake. Galimoto yoyamba imene anakonza moyesera inali yotsika kwambiri, yolimba ngati ngolo, ndipo inkasokosa koopsa. Bwana wa nthambi ya zofufuza ataiyendetsa anaikana kuti munthu sangayende nayo. Anyamatawo sanakwiye n'kuzisiya. Anabwerera, anafewetsa masipuling'i, anachepetsa phokoso, ndipo anagwiritsa ntchito zipangizo zimene kampani inali nazo kale m'mafakitale ake. Injini anaitenga ku Audi 80, ya malita 1.6, ndipo m'malo mwa kabuleta inali ndi makina a Bosch opopera petulo mu injini mwa muyeso. Makina amenewa ankapangitsa kuti galimoto ilire msanga m'mawa kukuzizira, isatsamwe mumzinda, koma ikapondedwa itulutse mphamvu za akavalo 110.

Golf GTI inaonetsedwa ku chionetsero cha magalimoto cha ku Frankfurt mu September 1975, ndipo inayamba kugulitsidwa mu 1976. Inkalemera makilogalamu 810. Kuchoka poima kufika pa liwiro la makilomita 100 pa ola inkatenga masekondi pafupifupi 9, ndipo inkafika pa 182. Lero manambala amenewa sangadabwitse munthu, koma nthawi imeneyo ankachititsa manyazi magalimoto okwera mtengo kuposa iyo. Kunja sinkadzionetsera: kamzere kofiira kuzungulira kumaso, matayala otakata pang'ono, basi. Mkati munali nsalu ya mipando ya mandalasi ngati ya Asikotchi ndi mutu wa giya wooneka ngati mpira wa gofu. Zinthu ziwirizi anaganiza ndi mayi wina wa mu dipatimenti yokongoletsa, Gunhild Liljequist, ndipo nsalu ya mtundu umenewu ikupezekabe mu GTI mpaka lero. A zamalonda anati apange 5,000 zokha, ndipo ena ankakayika ngati zingathe. Pofika pamene mtundu woyambawu unkasiyidwa, anali atagulitsa oposa 450,000.

Anagula ndani? Osati anyamata a mipikisano okha. Anali madokotala, maloya, ndiponso mabanja amene ankatha kugula galimoto imodzi yokha. Lolemba inkapita kuntchito, Loweruka kumsika, Lamlungu bambo ankadzuka m'mamawa kukaizungulitsa m'misewu ya m'mapiri. Kampani iliyonse inathamangira kupanga yake. Ford inatulutsa Escort XR3, Opel inatulutsa Kadett GT/E kenako GSi, Renault inali kale ndi 5 Alpine. Koma imene inaipatsa Golf mutu weniweni inachokera ku Peugeot.

Peugeot 205 inatuluka mu 1983 kampaniyo ili m'mavuto a zachuma, ndipo mtundu wa GTI unabwera mu 1984 ndi mphamvu 105. Mu 1986 anawonjezera wa malita 1.9 wa mphamvu 130. Inali yaing'ono kuposa Golf, yopepuka, ya malata opyapyala, ndipo chiwongolero chake chinkamuuza woyendetsa chilichonse chimene matayala akumva pansi. Olemba za magalimoto a ku Britain mpaka lero ambiri amaiika pamwamba pa Golf pa nkhani ya kukoma kuyendetsa. Koma inali ndi khalidwe lake. Munthu akalowa pakona mwaliwiro, mantha n'kumugwira, n'kuchotsa phazi pa moto mwadzidzidzi, kulemera konse kunkathamangira kutsogolo, matayala a kumbuyo n'kupepuka, mbuyo n'kutembenuka. Kwa katswiri, chimenechi ndiye chinali chisangalalo chake, chifukwa ankatha kuikhotetsa ndi phazi. Kwa wophunzira kumene, zinkathera m'ngalande. Golf ya nthawi yomweyo, mtundu wachiwiri wa mu 1983, inali yolemererapo, yodekha, yokhululuka zolakwa, ndipo mkati mwake simunkagwedera zinthu ikakalamba.

Mukandifunsa ine, ndikanapatsidwa tsiku limodzi lokha ndi msewu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti uli wopanda ng'ombe ndi njinga, ndikanasankha Peugeot. Ndikanapatsidwa zaka khumi ndi malipiro a mphunzitsi, ndikanasankha Golf mosaganiza kawiri. Peugeot inasiya kupanga 205 GTI mu 1994.

Chimene chinapha magalimoto ambiri a mtundu umenewu si injiniya wa kampani ina ayi, koma akuba ndi a inshuwalansi. Ku Britain, kumene ankagulidwa kwambiri, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anyamata ankaba magalimotowa pongofuna kuthamangitsa usiku n'kuwasiya ataphwanyika kapena atawotchedwa. Ngozi nazo zinachuluka. Makampani a inshuwalansi anakweza mitengo mpaka wachinyamata sakanatha kulipira. Apa pali phunziro limene ndimawauza ana a Fomu 4 pa nkhani zina: chinthu chikagwa, musangoyang'ana pamene chagwera. Galimoto ikhoza kukhala ndi malo a ana ndi katundu, koma ngati kuisunga kukudya theka la malipiro, si ya tsiku ndi tsiku.

Volkswagen nayo inalakwitsa, koma molowera mbali inayo. Golf yachitatu, ya kumayambiriro kwa m'ma 1990, inanenepa chifukwa cha zitsulo zotetezera pa ngozi ndi zina zofewetsa moyo, koma GTI wamba inali ndi mphamvu 115 basi. Patapita zaka zoposa 15, mdzukulu ankathamanga mochedwerapo kuposa agogo ake a mu 1976. Yachinayi inali yokongola mkati ngati ofesi ya bwana, koma okonda kuyendetsa ankati zilembo zitatu zija zangokhala chokongoletsa. Dzina linabwerera mu 2004 ndi Golf yachisanu, ya injini ya malita 2 ya turbo ndi mphamvu 200. Ya masiku ano ili ndi mphamvu 265, koma imalemera makilogalamu oposa 1,400, ndipo mu 2024 kampaniyo inasiya kupanga GTI ya giya yosintha ndi dzanja. Ena anadandaula ngati kwagwa maliro.

Tsono zonse ndakambazi ndi za pa phula losalala la ku Ulaya. Mnyamata wanga uja sakhala ku Frankfurt. Kuti tione mmene funso lomweli limayankhidwira pa misewu yofanana ndi yathu, tiyenera kupita ku Kenya, kumene kuyambira mu 1953 kunkachitika mpikisano wa Safari Rally, wa makilomita zikwi zingapo m'fumbi, m'matope ndi m'mitsinje. Zaka zoyambirira, Beetle yomweyo inapambanako kangapo. Peugeot 404, imene akuluakulu athu amaikumbuka ikunyamula anthu ndi katundu m'misewu ya dothi, inapambana mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Koma chaka chimene ndimachikonda ndi 1975. Kampani ya Lancia inabwera ndi Stratos, galimoto ya mipando iwiri ya injini ya Ferrari, yopangidwira mpikisano basi, imene inatenga ukatswiri wa dziko lonse zaka zitatu zotsatizana, 1974 mpaka 1976. Ku Kenya inagonja kwa Peugeot 504 ya zitseko zinayi, yoyendetsedwa ndi Ove Andersson wa ku Sweden. Ma Stratos anakhala pa nambala 2 ndi 3. Stratos sinapambanepo Safari, ndipo Porsche 911, imene inayesa kangapo m'zaka zimenezo, nayo inalephera. Pa msewu woipa, galimoto yothamanga kwambiri ndi imene sikuima kuti ikonzedwe.

A ku Japan anaphunzira msanga ku Kenya. Joginder Singh, Mkenya, anapambana mu 1974 ndi 1976 pa Mitsubishi Lancer, kagalimoto ka banja ka malita 1.6. Ndipo apa ndi pamene tikufika pa galimoto ya mnyamata uja. Malamulo a mpikisano wa dziko lonse kuyambira mu 1987 ankati kampani ipikisane ndi galimoto imene ikugulitsanso kwa anthu wamba, yopangidwa zikwi zingapo pa chaka: poyamba 5,000, kenako 2,500 kuyambira mu 1993. Chifukwa cha lamulo limeneli, mu 1992 kunabadwa Subaru Impreza WRX ndi Mitsubishi Lancer Evolution. Zonse ziwiri zinali za zitseko zinayi ndi buti, za injini ya malita 2, zokoka ndi matayala onse anayi, ndipo zinali ndi turbo, kachipangizo kamene kamazunguliridwa ndi utsi wotuluka n'kumakankhira mpweya wochuluka mu injini kuti iwotche mafuta ambiri. Pofika mu 1996 zonse zinkalembedwa kuti zili ndi mphamvu 280, malire amene makampani a ku Japan anagwirizana kuti asamapitirire polengeza, mpaka mu 2004. Colin McRae wa ku Scotland anatenga ukatswiri wa dziko lonse pa Subaru mu 1995, ndipo Tommi Mäkinen wa ku Finland anautenga pa Mitsubishi zaka zinayi zotsatizana, 1996 mpaka 1999. Onse awiri anapambanaponso Safari pa magalimoto amenewa.

Muone kusiyana kwa chiyambi. Golf GTI inali galimoto ya banja imene anaiwonjezera mphamvu. Evolution inali galimoto ya mpikisano imene anaisiyira mipando ya kumbuyo chifukwa lamulo linatero. Pa pepala zonse zimanyamula anthu asanu. Pa moyo weniweni, Evolution inkagogoda msana, inkamwa petulo ngati chidakwa cha pa malipiro pamene thanki yake inali yaing'ono, inkafuna oyilo watsopano pafupipafupi, ndipo pokhota pamalo opanikiza inkafuna bwalo lonse. Subaru inali yofewerapo, ndipo inalinso ndi mtundu wa chitseko cha kumbuyo wonyamula katundu, n'chifukwa chake inagulidwa ndi anthu ambiri. Mipikisano itatha, chifukwa chokhalira ndi moyo chinathanso. Mitsubishi inachoka mu mpikisano wa dziko lonse itatha nyengo ya 2005, Subaru kumapeto kwa 2008, ndipo Evolution yomaliza inapangidwa mu 2016. WRX ikupangidwabe. Golf GTI nayo ilipo.

Chinanso chimene anyamata amaiwala akamaonera mafilimu a McRae akuwuluka m'fumbi la ku Kenya ndi chakuti galimoto ija si imene imatsika m'sitima pa Dar es Salaam. Ya ku Safari inkakwezedwa msinkhu, inali ndi chitsulo chotchinga mimba, ndipo pa malo opumira paliponse inkadikiridwa ndi gulu la amakaniko ndi masipeya atsopano. Yogulitsidwa ku Tokyo ndi yotsika, ya matayala opyapyala m'mbali amene dzenje limodzi la pa M1 limatha kung'amba pamodzi ndi limu, ndipo injini yake inachunidwa kuti izimwa petulo wa octane wokwera kuposa amene timathira kuno. Ikafika kwa ife imakhala itayenda kale zaka khumi kapena kuposerapo, m'manja mwa anthu amene sanaigule kuti azipitira kutchalitchi.

Abale athu a ku Joni angatiuze mbali ina ya nkhaniyi. Ku South Africa, Golf yoyamba ija sinafe pamene inafa ku Ulaya. Fakitale ya ku Uitenhage, tauni imene pano imatchedwa Kariega, inapitiriza kuipanga ndi dzina lakuti Citi Golf kuyambira mu 1984 mpaka mu 2009, zaka 25, ndipo mu 1990 anatulutsa CTi, imene kwenikweni inali GTI yakale itavala malaya ena. Mlamu wanga anabwera nayo Citi Golf ulendo wina kudzera pa Mwanza, itadzaza mabulangete ndi mapoto mpaka kudenga, ndipo anandilola kuiyendetsa kukwera ku Ku Chawe. Sinali ya mphamvu zambiri. Koma inali yopepuka, giya iliyonse inkalowa ngati kiyi pa loko wake, ndipo pa makona aja ndinadzipeza ndikumwetulira ndekha pa liwiro limene wapolisi aliyense akanandilola. Tsiku limenelo ndi limene ndinamvetsa zimene Löwenberg ndi anzake ankafuna. GTI zatsopano ku South Africa zili ndi mbiri yawoyawo, mpaka anazipatsa dzina lakuti vrr pha potengera kulira kwake posintha giya, koma mtengo wake ndi nkhani ya anthu ena, osati ife a choko.

Mnyamata uja ndinamulembera uthenga wachidule. Ndinamuuza kuti asanatumize ndalama apite kwa makaniko wake akafunse mtengo wa matayala anayi, wa turbo ndi wa giyabokosi, afunsenso ngati zimapezeka ku Limbe kapena mpaka aitanitse kunja. Ndinamuuzanso kuti akayeze ndi lula kutalika kwa bampu ya pa geti la sukulu ya ana ake. Kenako ndinamukumbutsa chinthu chimodzi cha m'mbiri ya Subaru yomweyo: mu 1997 kampaniyi inatenga mafupa a Impreza, inawakweza msinkhu, inaikapo thupi la bokosi lonyamula katundu, n'kuitcha Forester, ndipo mitundu ina ya ku Japan inatuluka ndi turbo ya mphamvu 250.

Wandiyankha dzana. Waitanitsa Forester, ndipo akuti ifika pa Songwe mwezi wamawa. Mayi a kunyumba aona zithunzi za buti ndipo akondwa. Za turbo akuti sanawauzebe.